Ngolo zokola mizimu ya mliri: mmene chikondwerero cha Gion chimayendera ku Kyoto

Mmawa wa pa 17 Julaye, nthawi ikamakwana 9 koloko, msewu wa Shijō mumzinda wa Kyoto ku Japan umakhala utatsekedwa. Pamalo pamene masiku onse pamadutsa mabasi ndi matakisi pamaima chingolo chamatabwa chimene nsonga yake imafika mamita pafupifupi 25 kuchokera pansi. Mawilo ake ndi amtengo, aatali kuposa munthu wamkulu ataimirira. Chilibe injini kapena chiwongolero, ndipo chimango chake sichinakhomedwe ndi misomali. Amuna 40 kapena 50 amachikoka ndi zingwe ziwiri zikuluzikulu. Pamwamba pamakhala oimba zitoliro, ng'oma ndi timabelu tachitsulo, ndipo kutsogolo kwenikweni kumakhala kamnyamata ka zaka pafupifupi khumi, kopakidwa zoyera kumaso, katavala chisoti chagolide. Ngoloyo ikayenda pang'ono imapeza chingwe chopatulika cha udzu wa mpunga chitapingasa msewu. Kamnyamatako, kakuthandizidwa ndi munthu wamkulu amene wabisala kumbuyo kwake, kamasolola lupanga n'kudula chingwecho. Mdipiti umayambira pamenepo.

Chikondwererochi chimatchedwa Gion Matsuri, ndipo ndi cha kachisi wa chipembedzo cha Shinto wotchedwa Yasaka. Alendo ambiri amafika mmawa umenewu, amajambula ngolo, kenako amakakwera sitima masana. Amakhala ataona mbali yokongola, koma ntchito yeniyeni ya ngolozo sanaimvetse. Kwa amene anayambitsa mwambowu, kukongola konseko kunali nyambo. Ngolozi ndi misampha yoyenda, yokolera mizimu yobweretsa matenda.

Chiyambi chake ndi mantha

Kyoto anakhala likulu la Japan m'chaka cha 794. Mzindawu uli m'chigwa, mapiri atauzinga mbali zitatu. Mu Juni ndi Julaye kumagwa mvula yosalekeza, mtsinje wa Kamo unkasefukira, ndipo mvulayo ikangotha kumabwera kutentha kwachinyezi kongokhalira thukuta. Mumzinda wodzaza anthu, wopanda ngalande zabwino, mmene madzi akumwa ankakumana ndi zonyansa, nyengo imeneyi inali ya maliro. Aliyense amene anaonapo kolera ikusesa m'dzinja akudziwa mmene zimakhalira. Kuwonjezera pa matenda a m'mimba, kunkabweranso nthomba ndi chikuku.

Anthu a nthawiyo anali ndi kafotokozedwe kawo. Ankati munthu waudindo akafa mopanda chilungamo, mzimu wake umabwerera wokwiya n'kubweretsa mliri, chilala kapena moto. Mizimu yotereyi ankaitcha goryō. Wodziwika kwambiri anali kalonga Sawara, mng'ono wa mfumu Kanmu imene inamanga mzindawu. Sawara anamuganizira kuti anatengako mbali pa kuphedwa kwa nduna ina, ndipo anafa mu 785 ali m'njira yopita kumene anamupirikitsira, atakana kudya. Mavuto amene anatsatira m'banja lachifumu anthu anawaloza kwa iye. Mu 863 boma linachititsa mwambo waukulu wopepesa mizimu yotere m'munda wachifumu wa Shinsen-en. Kapepesedwe kake kanali kosangalatsa mzimuwo: mapemphero, nyimbo, magule. Wokwiya sumulimbana naye, umamunyengerera.

Zinthu sizinaphwe. Mu 864 phiri la Fuji linaphulika. Mu 869 chivomezi chachikulu ndi mafunde a m'nyanja zinasakaza kumpoto chakummawa kwa dzikolo, ndipo mliri unali uli mkati. M'chaka chimenecho, monga mmene mbiri ya kachisi wa Yasaka imanenera, anazika mikondo 66 ku Shinsen-en, umodzi kuimira chigawo chilichonse cha Japan wa nthawiyo, n'kunyamula milungu ya ku Gion (dzina lakale la kachisiyo) kupita nayo kumeneko. Mkondo wotere m'Chijapani ndi hoko, ndipo mpaka lero ngolo zikuluzikulu zija dzina lake ndi lomwelo. Mukayang'anitsitsa, ngolo yonseyo ndi chogwiriziza mlongoti wautali umene uli pakati pake. Poyamba mwambowu unkachitika mliri ukabuka basi, koma cha m'ma 970 unakhala wa chaka ndi chaka.

Mulungu amene ankamupempha ndi wovuta kumufotokoza mwachidule. Dzina lake linali Gozu Tennō, mfumu yakumwamba ya mutu wa ng'ombe. Iyeyu ndiye ankatumiza mliri, ndipo iye yemweyo ndiye ankatha kuuletsa. M'kupita kwa nthawi anthu anamuphatikiza ndi Susanoo, mulungu waukali wa m'nthano zakale za Shinto. Mu 1868 boma latsopano la Meiji litalamula kuti Chishinto chilekanitsidwe ndi Chibuda, dzina la Gozu Tennō linachotsedwa, kachisiyo anatchedwa Yasaka, ndipo Susanoo ndiye anatsala. Koma dzina lakale la Gion linakana kufa.

Mmene msamphawo umagwirira

Ganizo lake ndi lakuti mizimu ya matenda imayendayenda m'misewu, ndipo imakopeka ndi chinthu chachitali, chonyezimira, chaphokoso. Nsonga ya mlongoti imaiitana, nyimbo imaisangalatsa, nsalu zowala zimaichititsa chidwi. Ikatera pa ngolo, ngoloyo imazungulira nayo pakati pa mzinda ikutola inanso. Umboni woti anthu amaziona choncho uli pa zimene zimachitika mdipiti ukatha. Ngolo imene yatenga masiku kumanga, ikangobwerera kumudzi kwawo masana omwewo, amayamba kuiphwasula nthawi yomweyo. Saisiya kuti anthu aisirire mawa lake. Choipa chimene chakoledwa sichiyenera kupatsidwa mpata wothawa.

Lero ngolo zilipo 34, ndipo zonse pamodzi zimatchedwa yamahoko. Zokwana 23 zimayenda pa 17 Julaye, ndipo 11 pa 24 Julaye. Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Hoko ndi zija zazitali, zolemera mpaka matani 12. Yama ndi zocheperapo, zambiri zolemera tani imodzi ndi theka kapena kuchepera, ndipo m'malo mwa mlongoti zimakhala ndi mtengo wa paini ndi zidole zazikulu ngati anthu zosonyeza nkhani zakale za ku Japan ndi ku China. Ina ili ndi chiswamphika chachikulu padenga chimene chimagwedeza mutu ndi miyendo, ana amachikonda kwambiri. Ziwiri zinapangidwa ngati zombo.

Yotsogolera pa 17 nthawi zonse ndi Naginata-hoko, imene pansonga pake pali mpeni wautali wankhondo, woikidwa mosamala kuti kukamwa kwake kusaloze kachisi kapena nyumba yachifumu. Ndi yokhayi imene idakali kunyamula mwana wamoyo, wotchedwa chigo. Hoko zinzake zinasintha kalekale n'kuikapo zidole. Pa 13 Julaye mwanayu amapita ku kachisi atakwera hachi, ndipo kuyambira pamenepo amatengedwa ngati mthenga wa mulungu. Pamwambo saponda pansi, amanyamulidwa paphewa ndi mwamuna wamphamvu, ndipo mwa mwambo chakudya chake sichiphikidwa ndi akazi. Banja lake limawononga ndalama zambiri pa ulemu umenewu.

Ngolo zina zambiri malo awo mumdipiti amachitira maere. Mwambowu unayamba m'chaka cha 1500 chifukwa midzi inkakanganirana kutsogola. Masiku ano maerewo amachitika pa 2 Julaye m'chipinda cha khonsolo ya mzinda, ndipo pa tsiku la mdipiti meya wa Kyoto, atavala zovala za akuluakulu akale, amaima m'njira kutsimikiza kuti ngolo iliyonse ili pamalo ake. Woimira mudzi amabwera ndi kabokosi komangidwa ndi chingwe, amamasula chingwecho ndi chokupizira mphepo osachikhudza ndi dzanja, n'kuonetsa kapepala ka maere. Akachita bwino, anthu amaomba m'manja.

Zingwe, nsungwi ndi madzi

Kumanga kumayamba pa 10 Julaye, pamsewu pomwepo, magalimoto akudutsa m'mbali. Matabwa amene asungidwa chaka chonse amalumikizidwa n'kukulungidwa ndi zingwe za udzu wa mpunga. Kamangidwe kameneka amakatcha nawagarami, ndipo mfundo zake zili ndi maina, monga gulugufe wamwamuna ndi gulugufe wamkazi. N'zokongola moti n'zachisoni kuti pambuyo pake zimabisika kuseri kwa nsalu. Chifukwa chogwiritsa ntchito chingwe si kukakamira zakale chabe. Chinthu cha matani 12 chokhala ndi mlongoti wautali chimagwedezeka chikamayenda. Msomali ukanang'amba thabwa, pomwe chingwe chimalola chimango kupindika pang'ono n'kubwerera. Mlongoti amaumangirira chimango chitagonekedwa chammbali, kenako amadzutsa zonse pamodzi pang'onopang'ono.

Ngolo ikatha kumangidwa amaiyesa poikoka kamtunda kochepa, ndipo tsiku limenelo aliyense, amayi ndi ana omwe, amaloledwa kugwira chingwe. Amati wogwirako amatetezeka chaka chonse.

Popeza mawilo sakhota, poyenda pamakhala amuna oyenda chowerama pafupi ndi mawilo akutsogolo, amene amalowetsa chipika pansi pa wilo kuti ngolo isapatuke. Padenga pamakhala ena anayi oyang'anira kuti mlongoti kapena denga zisakole nthambo zamagetsi ndi makhonde a nyumba m'timisewu topanikiza. Maroboti a m'misewu imene mdipiti umadutsa anapangidwa oti azitha kupindidwira kumbali.

Pokhota ndiye pamene pali ntchito. Ngolo ikafika pamphambano ya Shijō ndi Kawaramachi imaima. Amuna amasolola nsungwi zong'aluza zimene zimasungidwa kunsi kwake, n'kuziyala pansi patsogolo pa mawilo. Amakoka pang'ono kuti mawilo akutsogolo akwere pansungwizo, kenako amathira madzi ndi ndowa mpaka nsungwi zonse zitaterera. Okoka amasamuka ndi zingwe zawo n'kukaima chammbali. Otsogolera nyimbo yokokera, amene amaima kutsogolo kwa ngolo atagwira chingwe dzanja limodzi, chokupizira dzanja linalo, amakhala awiri poyenda koma apa amakhala anayi. Akatambasula zokupizira zawo n'kufuula, onse amakoka kamodzi, ndipo chingolocho chimakhwekhwereza chammbali chikulira kuti kwiii, mlongoti ukugwedezeka m'mwamba, oimba ali phee pamalo awo osaphonya ng'oma. Chimatembenuka pang'ono chabe. Amayalanso nsungwi, kuthiranso madzi, kukokanso. Kawirikawiri pamafunika maulendo atatu kuti ngodya ithe. Mwambo wokhotawu dzina lake ndi tsujimawashi, ndipo anthu amafika m'mamawa kudzalanda malo pamphambanozi.

Rebeka pa ngolo ya Chishinto

Ngolo iliyonse ndi ya mudzi wake. Mudzi wake ndi kachigawo kakang'ono ka mzinda, nthawi zambiri nyumba za mbali ziwiri za msewu umodzi kuchokera pamphambano ina kufika pa ina. Si za kachisi kapena za boma. Madera amenewa kale anali a amalonda a nsalu ndi obwereketsa ndalama, anthu olemera koma opanda udindo m'dziko lolamulidwa ndi asilikali. Chikondwererochi chinali mpata wawo woonetsa chuma, ndipo midzi inkapikisana. Ankagula nsalu zabwino koposa zimene akanazipeza: zoluka za ku Nishijin m'Kyoto momwemo, zopeta za ku China, makapeti a ku Persia ndi ku India.

Zina zinachokera kutali kuposa pamenepo. Ngolo za Niwatori-hoko ndi Koi-yama zili ndi nsalu zazithunzi zolukidwa m'dera limene lero ndi Belgium m'zaka za m'ma 1500, zosonyeza nkhani ya nkhondo ya ku Troy, ya m'nthano za Agiriki. Kanko-hoko ili ndi ina yosonyeza Rebeka wa m'buku la Genesis akupereka madzi pachitsime. Taganizani: m'zaka zimene Chikhristu chinali choletsedwa ku Japan, munthu n'kuphedwa chifukwa cha mtanda, chithunzi cha m'Baibulo chinkayenda poyera kutsogolo kwa ngolo ya mulungu wa mliri. Zikuoneka kuti kwa eni ake inali nsalu yachilendo yamtengo wapatali, basi. Ndipo ngati cholinga n'kukopa maso a mzimu, chachilendo ndiye chimakopa bwino. Masiku ano nsalu zambiri zakalezi zimangoonetsedwa m'nyumba, ndipo pa ngolo amapachika zolukidwa mofanana nazo.

Masiku atatu mdipiti usanachitike, madzulo amatchedwa yoiyama. Ngolo zimaima m'midzi yake zitakutidwa ndi mizere ya nyali zapepala, oimba akuimba nyimbo imene anthu a ku Kyoto amaitchula potengera kulira kwa timabelu kuti konchikichin. Mabanja akale amatsegula zitseko kuti odutsa aone zotchinga zopindika zojambulidwa ndi chuma china cha makolo awo. Ngolo zina zikuluzikulu zimalola alendo kukwera, ngakhale kuti Naginata-hoko ndi Hōka-hoko mpaka pano sizilola akazi.

Chithumwa cha pakhomo

Madzulo amenewa ndi pamene anthu amagula chimaki. Kwina ku Japan dzinali ndi la chakudya cha mpunga chokulungidwa m'masamba, ndipo alendo ena amamasula n'kupeza mulibe kanthu. Chimaki cha Gion sichidyedwa. Ndi kamtolo ka masamba a nsungwi kopachika pamwamba pa chitseko chaka chathunthu, kenako kamabwezedwa n'kugula katsopano. Mukamayenda m'timisewu ta Kyoto mwezi uliwonse, kwezani maso: mudzaona timitolo tofota, tosuluka ndi dzuwa, pakhomo la nyumba, la lesitilanti, ngakhale la ofesi. Pa timitolo tambiri pamakhala kapepala kolembedwa kuti a m'nyumba muno ndi zidzukulu za Somin Shōrai.

Nthano yake ndi iyi. Mulungu wina ali paulendo kunamudera, ndipo anapempha malo kwa munthu wolemera dzina lake Kotan. Kotan anamukaniza. Mbale wake wosauka, Somin, anamulandira, n'kumupatsa chakudya cha mawere ndi pogona pa mapesi. Patapita zaka mlendo uja anabweranso, n'kuuza a kwa Somin kuti avale mkombero wa udzu m'chiuno. Mliri unasesa ena onse, ovala mkombero n'kupulumuka. Mlendoyo anadziulula kuti ndi Susanoo, ndipo analonjeza kuti aliyense wonena kuti ndi mdzukulu wa Somin adzamulambalala. Ndiye kapepala kaja kwenikweni ndi uthenga wopita kwa mwini mliri, womukumbutsa lonjezo lake. Ine chimandiseketsa n'chakuti mzinda wonse, olemera ngati Kotan omwe, umadzinenera kuti ndi wa kwa m'mphawi uja.

Midzi ina zithumwa zake zili ndi ntchito yapadera. Za ku Urade-yama ndi za amayi oyembekezera, za ku Hōshō-yama ndi za ofuna banja, za ku Koi-yama ndi za ofuna kukwera pantchito. Ana ovala mikanjo yopepuka ya m'chilimwe amakhala pamzere akuimba kanyimbo koitanira ogula. Palinso kamwambo kena: chizindikiro cha kachisi wa Yasaka chimafanana ndi nkhaka yodulidwa pakati, choncho anthu ena okhudzidwa ndi chikondwererochi sadya nkhaka mwezi wonse wa Julaye.

Mwini mwambo amatuluka madzulo

Pa ngolo 34 zija, palibe imene imanyamula milungu ya Yasaka, ndipo mdipiti wake sufika n'komwe pakachisiyo. Ngolo ndi tsache losesa njira. Madzulo a pa 17, misewu itayeretsedwa, ndi pamene milungu imatuluka: Susanoo, mkazi wake Kushinada-hime, ndi ana awo asanu ndi atatu. Imanyamulidwa m'machira atatu okutidwa ndi golide otchedwa mikoshi, alionse olemera pafupifupi matani awiri, pamapewa a amuna mazanamazana olandizana. Kuno kulibe ulemu wodekha wa mmawa uja. Amuna ovala zoyera amafuula kuti hoitto, hoitto, akudumphitsa machirawo kuti zitsulo zake zilire, nthawi zina n'kuwakweza m'mwamba ndi manja n'kuwazunguza.

Milungu imakagona sabata imodzi pamalo ake apaulendo, otchedwa otabisho, amene ali pakati pa mashopu mumsewu wa Shijō. Pa 24 ngolo zotsala zija zimasesanso njira mmawa, ndipo usiku milungu imabwerera kwawo. N'chifukwa chake midipiti ilipo iwiri. Mu 1966 anaiphatikiza kukhala umodzi, makamaka poganizira za magalimoto ndi alendo, zimene zinasiya ulendo wobwerera wa milungu wopanda wousesera. Mu 2014 anailekanitsanso.

Amodzi mwa machira atatu aja amayeretsedwa ndi madzi a mumtsinje wa Kamo pamlatho wa Shijō pa 10 ndi pa 28 Julaye. Pa 31 mwezi umatsekedwa pakachisi kakang'ono ka Somin Shōrai m'bwalo la Yasaka, pamene anthu amadutsa mumkombero waukulu wa udzu.

Kugwa ndi kudzuka

Nkhondo ya Ōnin, ya 1467 mpaka 1477, inatentha mbali yaikulu ya Kyoto, ndipo ngolo sizinayende kwa zaka zoposa 30 mpaka anthu a m'midzi anazidzutsa mu 1500. Mu 1533 boma la asilikali litaimitsa miyambo ya kachisi, eni midzi anapempha kuti ngakhale mapemphero asachitike, ngolo zokha ziyende. Apa m'pamene pamaonekera kuti chikondwererochi chinali chitasanduka chawo. Moto waukulu wa 1788 ndi wa 1864 unapsereza ngolo zambiri. Ōfune-hoko, imene inapsa mu 1864, inabwerera mumsewu mu 2014, patatha zaka 150. Taka-yama inasiya kuyenda itawonongeka ndi mvula yamkuntho mu 1826, ndipo inabwerera mu 2022. Zaka zonsezo anthu a m'mudzimo ankasunga mitu ya zidole zake n'kumaionetsa pa yoiyama.

Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika mdipiti wa yamahoko pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu. Mu 2016 anauphatikiza ndi zikondwerero zina za ngolo za ku Japan, zonse pamodzi 33, monga za ku Takayama, Chichibu ndi Hakata.

Vuto la lero ndi anthu ndi ndalama. Midzi ya ngolo ili pakati pa mzinda, pamene nyumba zakale zasanduka maofesi, mahotela ndi nyumba zosanja. Midzi ina yatsala ndi mabanja owerengeka, ndipo mabungwe osunga ngolo amadalira obwera kumene, ophunzira a m'mayunivesite ndi ongodzipereka, ena a maiko akunja, kuti akoke zingwe. Pofuna ndalama, mu 2023 bungwe loona za alendo mumzindawu linagulitsa mipando yapadera pa mayeni 400,000 (ndalama za ku Japan) umodzi, yokhala ndi chakudya ndi mowa. Chaka chotsatira wansembe wamkulu wa Yasaka anadandaula poyera kuti mwambo wa milungu si chionetsero choonera ukumwa, ndipo mowawo unachotsedwa. Ine ndikuona kuti anali ndi mfundo, ngakhale kuti amalonda akale amene anapachika makapeti a ku Persia pa ngolo zawo nawonso sankadana ndi kuonedwa.

Mu 2020 ndi 2021, mliri weniweni wa Covid-19 utafika, mdipiti wa ngolo unalephereka, chifukwa khamu limene umasonkhanitsa ndilo likanafalitsa matendawo. Ansembe anachita mapemphero awo mwakachetechete, ndipo zithumwa za chimaki anthu ankaitanitsa pa intaneti. Mu 2021 midzi pafupifupi theka inamangabe ngolo zake pamsewu, n'kupempha anthu kuti asabwere kudzaona. Ankaopa kuti pakadutsa zaka ziwiri osamanga, manja a amisiri aiwala mfundo za zingwe. Ngolozo zinaima masiku angapo osayenda mdipiti, kenako anaziphwasula n'kubwezera matabwa mosungira.